Matepi a My Bloody Valentine a pakati pa 1993 ndi 1997 ali kuti?

Mlonda_SW16:
Abale anga, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito ya ulonda usiku kuno ku London, ndipo ndimakhala ku Streatham. M'mawa ndikaweruka ndimakwera basi ya 159 pa Brixton, maso ali gwa ndi tulo, ndipo chimene chimanditsitsa mtima ndi chimbale cha Loveless cha gulu loimba la My Bloody Valentine, chija chinatuluka mu Novembala 1991. Mayi a kunyumba amati ndi phokoso la chigayo. Sinditsutsa ayi, koma m'chigayomo muli munthu amene akuimba ngati akugoneka mwana.

Sabata yathayi ndi pamene ndinamva kuti situdiyo imene a gululi anamanga atasiyana ndi kampani ya Creation inali konkuno ku Streatham, m'nyumba wamba. Mwina ndimaidutsa tsiku lililonse ndi kachikwama kanga ka nkhomaliro. Kampani ya Island Records inawatenga mu 1992, akuti pa mapaundi 250,000, situdiyo n'kutha mu 1993. Koma zaka zonse zotsatirazo kunatuluka nyimbo ziwiri zokha, zonsenso za eni ake zimene anangoimbanso: ina ya Louis Armstrong, ina ya gulu la Wire. Anthu anayi, nyumba yodzaza zipangizo, ndalama zilipo. Musandiuze kuti ankangomwa tiyi. Zimene ankajambula zili kuti? Alipo amene anazimvapo?

Nachisale wa ku Leeds:
Achimwene, chigayo chimenecho nanenso ndi changa. Mu 2008 atabwererana ndinakawaonera, ndipo pakhomo ankagawa zotseka m'makutu ulere. Ine ndinadziyesa dolo, ndinaziika m'thumba. Masiku awiri makutu akulira.

Nkhani yanuyo inayambira pa mikisa, makina osakanizira mawu pojambula nyimbo. Imene anaika mu situdiyomo inali ndi vuto, ndipo miyezi yambiri inathera pokonza m'malo mojambula. Panthawi yomweyo Kevin Shields, mtsogoleri wa gululi, ndi Colm Ó Cíosóig, woimba ng'oma uja, anatengeka ndi nyimbo za jungle zimene zinkamveka pa timawailesi tosaloledwa ta kumwera kwa London, n'kuyamba kuyesa kukwatitsa ng'oma zothamangazo ndi magitala awo. Sizinawayendere monga ankafunira. Colm ndi Debbie Googe wa besi anachoka mu 1995, Bilinda Butcher woimba mawu ndi gitala anakhalako mpaka 1997, kenako Shields anapita kukaimbira gulu la Primal Scream gitala.

Koma ine ndikuti gawo lina la matepiwo munalimva kale. Chimbale cha m b v, chimene anachiponya pa intaneti usiku wa pa 2 Febuluwale 2013 mpaka webusaiti yawo kugwa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, maziko ake ambiri anajambulidwa cha m'ma 1996 ndi 1997. Mverani nyimbo zitatu zomaliza mwa zisanu ndi zinayi zija, makamaka yotsirizayo. Jungle uja ali momwemo, akuthamanga pansi pa magitala ngati ndege ikudutsa padenga.

Mlonda_SW16:
Achemwali, zikomo, koma nyimbo zisanu ndi zinayi ndi zochepa pa zaka zonse zija. Paja pali mphekesera yoti Shields anapereka ku Island zojambula za maola 60? Kwinako kuli kuti?

Mikisa_Jozi:
Ndilowererepo monga munthu amene wakalambira mu situdiyo kuno ku Johannesburg. Mukamva kuti maola 60, musaganize kuti ndi zimbale 60. Tepi yaikulu ija ya mainchesi awiri, ya njira 24, imatenga mphindi pafupifupi 16 ukaithamangitsa pa liwiro lapamwamba. Ngati mphekeserayo ili yoona ndipo matepi ake ndi amenewo, tikukamba za mikukuta yoposa 200, chipinda chathunthu. Ndipo zimene zimakhala pa matepi otere ndimazidziwa: gitala imodzi ikulira yokhayokha mphindi khumi pamene mwini wake akusuntha maikolofoni pang'onopang'ono, ng'oma zopanda mawu, mawu opanda ng'oma. Munthu amene anazungulira masitudiyo 19 kuti amalize Loveless mukuganiza kuti anasiya nyimbo zomalizidwa zingati?

China n'chakuti tepi imakalamba. Mitundu ina imayamwa chinyezi, guluu wake n'kuyamba kunata, ndipo ukaiika pamakina osaikonza imasiya utoto wake pamitu yowerengera tepi, nyimbo n'kupita nawo limodzi. Timayamba taiwotcha mu uvuni wapadera pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola ambiri, kenako n'kukopera msanga. Ndi ntchito yodula, ndipo imafuna kuti mwini wake aifune.

Nachisale wa ku Leeds:
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Mwini wake saifuna. Shields anavomera yekha kuti pali chimbale chathunthu chimene anachiika pambali, chifukwa kwa iye chinali chakufa, chopanda mzimu. Ine poyamba zinkandipsetsa mtima, ndinkati tipatseni tiweruze tokha. Koma mu 2012, atatulutsanso nyimbo zawo za pakati pa 1988 ndi 1991, anaikamo zitatu zimene zinali zisanatulukepo. Ndinazidikira ngati mvula yoyamba. Ndi zabwino ndithu, koma nditazimva ndinamvetsa chifukwa chake anazisiya. Kuyambira pamenepo ndinaleka kulimbana naye bamboyo.

Chimene ndimadandaula nacho ine ndi Bilinda. Anakhala m'gulumo mpaka kumapeto enawo atathawa, ndiye n'zosatheka kuti palibe tepi ya mawu ake imene sitinaimve. Imeneyo yokha ndikanalipira.

Mlonda_SW16:
Inu mwagonja msanga, achemwali. Wophika akati ndiwo sizinakome, si kuti alendo akana kudya. Chimene Shields amati chakufa mwina kwa ine wa pa 159 ndi chamoyo. Ndipo poti mu 2021 Shields anasaina ndi kampani ya Domino n'kulola kuti nyimbo zawo zakale zizimveka pa Spotify, munthuyo mtima wake umatembenuka, kungoti umatenga zaka makumi awiri.

A Mikisa, zowotcha tepi mu uvuni ndawauza mayi a kunyumba, akuti ndisayerekeze ndi wawo. Mawa m'mawa ndiyamba ndi nyimbo yotsiriza ya m b v, ndikhale pamwamba kutsogolo, ndizisuzumira nyumba za m'mbali mwa msewu tikamatsika Streatham Hill.