Malire a R3,500 pa nyumba za RDP, nanga ife tapitirira tilowere kuti?

Wa_ku_Dedza:
Abale amene muli kuno ku South Africa ndithandizeni nzeru. Ine permanent residence ndili nayo, ndimagwira ya ulonda, mayi akunyumba amagwira yapakhomo masiku atatu pa sabata, tikaphatikiza zimakwana cha m'ma R9,000 pamwezi. Tikukhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu ku Tembisa, ana awiri amagona pansi pafupi ndi sitovu ndiye usiku kuti utuluke uchite kuwadumpha. Ndamva zoti RDP, nyumba zimene boma limapereka kwaulere zija, malire ake ndi malipiro a R3,500 pamwezi, kodi amawerenga malipiro anga okha kapena a tonse awiri? Nanga tikapitirira ndiye kuti basi boma silingatithandize?

Mayi_a_Tadala:
Achimwene amawerenga za banja lonse, zanu ndi za akazi anu pamodzi, komanso amaona malipiro asanadule kalikonse osati imene imagwa mu akaunti ija ayi. Ndiye RDP, imene pano akuti BNG, mwadutsa kale. Ine chimandiwawa n'choti R3,500 imeneyi anaiika kalekale cha m'ma 1994 ndipo mpaka lero ili pompo, pomwe malipiro otsikitsitsa a boma lomweli mu 2024 anali R27.58 pa ola, munthu wogwira maola 40 pa sabata akupeza kupitirira R4,700 pamwezi, kutanthauza kuti ngakhale wolandira ndalama yochepetsetsa imene lamulo limalola akuoneka ngati wolemera pa mapepala awo. Koma kagulitseni buledi ndi palafini muone ngati R4,700 ingamange nyumba.

Mjomba_Mangochi:
Musataye mtima. Pali First Home Finance, kale inkatchedwa FLISP, ndi ya anthu olandira kuyambira R3,501 mpaka R22,000 ndipo amayendetsa ndi a NHFC, bungwe la boma loona za ndalama zogulira nyumba. Sakupatsani nyumba, amakupatsani ndalama kamodzi kokha yoti muonjezere pogula kapena pomanga, ndipo wolandira zochepa ndi amene amapatsidwa zambiri, mu 2023 zinkayambira cha m'ma R39,000 kufika cha m'ma R169,000. Bola musakhale kuti munagulapo nyumba kapena munalandirapo kale thandizo la nyumba la boma. Vuto lake ndi banki, pa R9,000 bond (ngongole yogulira nyumba) imene angakupatseni ndi yochepa, nyumba za mtengo umenewo ku Gauteng n'zosowa. Chabwino n'choti pano sakukakamiza bond yokha, ndalama zosunga nokha kapena za ku stokvel (chipeleganyu) akuzilola.

Nachisale_Joburg:
Ine ndinganene kuti yambani ndi social housing, ana achoke kaye pafupi ndi sitovu zogulazo zibwera. Izi ndi za lendi osati zanu ayi, malire ndi R1,850 mpaka R22,000, lendi imayenderana ndi zomwe mumalandira. Ku Johannesburg kuli JOSHCO, kampani ya mzindawo ya nyumba za lendi zoterezi, ndipo makampani ena otere amakhala ovomerezedwa ndi SHRA, bungwe la boma loyang'anira social housing. Mzere ndi wautali koma kulembetsa kulibe chotaya. Chonde chonde wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akuikeni pa list ya RDP musalole, kulembetsa ndi kwaulere, komanso RDP lamulo limakana kuigulitsa zaka 8 zisanathe ndiye ogula mwamseri amatsala opanda title deed, ndalama zapita.

Wa_ku_Dedza:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi pang'ono. Koma payslip ndili nayo ndine ndekha, mayi abwana awo amangowapatsa pamanja, pamenepa titani? Kapena tingolemba zanga zokha?

Nachisale_Joburg:
Ayi musabise, akadzatulukira amataya fomu yonse. Apemphe abwanawo awalembere kalata yonena ndalama imene amalandira, akachite affidavit ku polisi, ndipo kuyambira mwezi uno aziwatumizira ku banki kuti pofika nthawi yolembetsa bank statement ya miyezi itatu ikhale ilipo.