Za ngongole za kachasu zija, mmene zayendera

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndipitirize kulipira ngongole za kachasu za bambo a kunyumba. Ena munati ndingolongedza ndizipita kwathu, koma sindinatero. Ndinatsatira mayi aja amene anati ndisiye kuwabisira manyazi, ndiitane ankhoswe.

Tsiku lomwe mayi ogulitsa kachasu ku Chinamwali anafika ndi kope lawo, ndinangoti, "Dikirani eni ake adzuke." Mtima unkagunda koopsa, komabe ndalama ya banki m'khonde sinachoke pamfundo ya chitenje changa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka sayenera kusiya mwadzidzidzi payekha, ena amafika pokomoka. Bambowa atasiya, tsiku lachiwiri anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, tulo osabwera. Ankhoswe anawaperekeza ku Zomba Mental Hospital komwe analandira mankhwala ndi uphungu. Kumeneko si kwa amisala okha ayi, musaope.

Pano patha masabata 9. Ndisaname, analawako kamodzi pamaliro ku Sadzi. Ine ndinasiya kununkhiza malaya awo akabwera usiku, ndipo masiku ano ndikumagona.