Mnyamata wanga wa Fomu 2 wangotsikiratu, nditani?

Folomu ticha: Anzanga thandizeni msanga. Ndili pa CDSS ina kuno ku Nkhotakota. Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga teremu yatha anali nambala 4, mid-term ino masamu wapeza 18. Amangogona pa desiki, maso ali psuu, ukamufunsa sayankha. Prefect wanditsina khutu kuti ma Fomu 4 amamulanda ndalama ya mandasi n'kumamunena kuti akununkha usipa poti bambo ake ndi alovi. Pano akumapezeka kuseri kwa zimbudzi ndi gulu losuta chamba. JCE yayandikira. Ahedi akuti ndilembe lipoti ku discipline. Ndikalemba ndiye suspension, ndipo akakalowa m'bwato sabweranso.

Wa Masamu: Lembani basi achimwene. Chamba ndi chamba. Malamulo a sukulu anasaina yekha.

Madamu a Life Skills: Musafulumire sala. Maso ofiira si umboni. Ana ambiri a m'mbali mwa nyanja amachezera kupha nsomba ndi khoka la chilimira, m'mawa n'kubwera m'kalasi. Mufunseni kaye ngati akugona, ngati akudya. Koma osati mu staff room anthu akumva, ndiponso musamutchule prefect uja, angamumenye.

Wa Masamu: Madamu, mukumulera. Akasiyidwa mmodzi mawa ndi khumi.

Ahedi opuma: Ine ndinachotsapo wina wotere ndili ku Salima. Ndinakamupeza pa Chipoka akuyanika nsomba, anandipatsa moni mwaulemu mpaka ndinachita manyazi. Omwe ankamuzunza analemba MSCE bwinobwino. Mphwanga, lipoti lembani koma liyambe ndi a Fomu 4 aja. Musamusecha m'thumba muli nokha, ndipo musamukwapule, ntchito ingakuthereni.

Wa ku Dwangwa: Kuno ana ena akumatsutsa ati chamba chinaloledwa mu 2020. Lamulo lija ndi la chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhala ndi laisensi, osati chosuta. Komanso musangoyang'ana fodya yekha. Masacheti analetsedwa koma mowa womwewo uli m'timabotolo totchipa.

Madamu a Life Skills: Makolo muwaitane mosamala. Bambo ena akangomva za chamba amayamba ndi chikoti. Dzerani kwa amayi ake kapena a mother group. Akayamba zonena kuti moyo watopa nawo, musadikire komiti, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, a social welfare adziwe. Nambala ya foni yothandiza ana, 116, ndi yaulere.

Wa Masamu: Zonsezo ndi ntchito ya ndani? Ine ndili ndi ana odzaza kalasi ndi ma scheme osalemba. Suspension, akabwere ndi kholo.

Ahedi opuma: Kholo lake lili pa nyanja usiku wonse, achimwene.

 

Wa Masamu:  Koma ine mawu anga ndi omwewo, lembani lipoti.