Telesikopu yopanda kalilole imadziwa bwanji komwe GRB yaphulikira?

Chimwemwe_K:
Akuluakulu, ndithandizeni. Cheza cha gamma chimangoboola kalilole, sichingasonkhanitsidwe pamalo amodzi. Nanga masetilaiti a Swift ndi Fermi amaloza bwanji malo a GRB (kuphulika kwamphamvu kwa cheza cha gamma kutali m'mlengalenga), poti kuphulika kwina sikukwana ngakhale masekondi 2?

aPhiri_Fizikisi:
Swift imawerenga mthunzi, achimwene. Chipangizo chake cha BAT chili ndi chivindikiro cha tizidutswa ta mtovu pafupifupi 52,000, kalikonse mamilimita 5 mbali zonse, toyalidwa mwachisawawa moti theka la malo ndi mabowo, ngati sefa. Mita imodzi pansi pake pali timadetekitala 32,768 ta CdZnTe tomwe timamva cheza cha 15 mpaka 150 keV (muyeso wa mphamvu ya cheza). Cheza chikabwera chopendekeka, mthunzi wa chivindikiro umasunthira mbali. Kompyuta imayeza kusunthako n'kupeza malo mkati mwa ma arcminute 1 mpaka 4, pamene mwezi wathunthu ndi pafupifupi 30.

Kenako setilaiti imadzitembenuza yokha, kawirikawiri pasanathe mphindi 2, kuti matelesikopu ake awiri, XRT ya ma X-ray ndi UVOT ya kuwala kooneka ndi kwa ultraviolet, aone kuwala kotsalira. Ma X-ray amatheka kuwasonkhanitsa akagunda kalilole mokhudza pang'ono chabe, ndiye XRT imachepetsa malowo kufika pa ma arcsecond ochepa (arcminute imodzi ili ndi ma arcsecond 60). Uthenga umapita pa GCN, netiweki yodziwitsira akatswiri a zakuthambo, m'masekondi, matelesikopu apansi n'kuyamba kusaka.

NaBanda:
Fermi njira yake ndi ina. Chipangizo chake cha GBM chili ndi madetekitala 12 a NaI oyang'ana mbali zosiyanasiyana, ndi 2 a BGO omva mpaka 40 MeV (40,000 keV). Imadzuka pokhapokha awiri kapena kuposa akawerenga zochuluka kuposa za nthawi zonse. Yoyang'anizana ndi kuphulika imawerenga zambiri, yopendekeka zochepa, ndipo kusiyanako n'komwe kumaloza malo. Koma kulozako n'kwa madigiri angapo, musakudalire kwambiri. Phindu lake n'loti imaona thambo lonse losabisika ndi dziko ndipo imagwira ma GRB pafupifupi 240 pachaka, pamene BAT imaona gawo limodzi mwa magawo 6.

Chimwemwe_K:
Zikomo a Phiri ndi mayi NaBanda. Ndiye ikadzuka, ndiye kuti ndi GRB basi?

Mphunzitsi_Zomba:
Ayi ndithu. GBM imadzutsidwanso ndi malawi a dzuwa, ma magnetar (nyenyezi zakufa za maginito amphamvu kwambiri) a mu mlalang'amba wathu wa Milky Way, cheza cha gamma chochokera m'mitambo ya mphezi, komanso tizidutswa ta magetsi togunda detekitala. N'chifukwa chake akatswiri amaunikanso mphamvu ya chezacho, kutalika kwa nthawi ndi mbali yomwe chachokera. Setilaiti ikamadutsa pa South Atlantic Anomaly, dera la pamwamba pa kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic, madetekitala amasiya kuwerenga chifukwa tizidutswato n'tochuluka, ndipo chophulika nthawi imeneyo chimawadutsa.

Kuwala kukapyola muyeso ndi vutonso. Pa 9 Okutobala 2022, GRB 221009A inadzaza GBM: ma photon (tizidutswa ta kuwala) angapo ankafika detekitala isanamalize kuwerenga loyamba, n'kuwerengedwa ngati limodzi lamphamvu. Kuwala kwake kwenikweni anachita kukonzanso pambuyo pake.

Onaninso za pa 17 Ogasiti 2017. GBM inagwira GRB 170817A masekondi 1.7 pambuyo pa mafunde a mphamvu yokoka omwe makina apansi a LIGO anamva, koma Swift sinaione chifukwa dziko linaitchinga. Kusiyana kwa nthawi yomwe chezacho chinafikira pa Fermi ndi pa setilaiti ina ya INTEGRAL kunachepetsa malo osakamo, ndipo patadutsa maola pafupifupi 11 telesikopu ya Swope ku Chile inapeza kuwalako mu mlalang'amba wa NGC 4993.