Za galu ndinkafunsa uja

Mwezi watha ndinafunsa komwe ndingapeze galu woweta, osati kugula tiana ta agalu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu aja. Ambiri munati ndipite ku LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama ku Lilongwe. Zikomo, ndinapitadi.

Ndinabwerako ndi galu wamkazi wachikuda, wofiirira, khutu limodzi logwa. Anali atabayidwa kale katemera wa chiwewe, komanso anamutseka kuti asabereke. Masiku atatu oyambirira sankadya, ankangobisala kuseri kwa thumba la makala. Lero ndiye akuthamangitsa nkhuku za aneba, koma imeneyo ndi nkhani ina!

Inu munafunsa zokathandiza nawo ku LSPCA: ine ndimapita Loweruka kukayendetsa agalu ndi kutsuka makola. Musavale nsapato zakutchalitchi.