Alipo ali ndi kafukufuku wa chitetezo cha ana pa intaneti kuno ku Malawi?

Abale ndi alongo, ndithandizeni chonde. Ndine mphunzitsi wa kusekondale, ndipo ndikufufuza zomwe ana athu akukumana nazo pa WhatsApp ndi Facebook, makamaka za akuluakulu amene amawanyengerera ndi mayunitsi kuti atumize zithunzi zamaliseche. Kafukufuku wa nkhani zotere wotchedwa Disrupting Harm, wa mabungwe a UNICEF, ECPAT ndi INTERPOL, anafika ku Mozambique ndi Tanzania, koma Malawi sanali m'gulu la maiko 13 oyamba kumene kafukufukuyu anachitika. Alipo akudziwa kafukufuku wotere wa kwathu kuno, kaya ku MACRA kapena kuyunivesite?

China chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwana amabisa poopa kulandidwa foni. Inu amene munachezapo ndi ana pa nkhani zotere, makolo akavomera, mumafunsa bwanji kuti mwana amasuke? Nanga akaulula zoopsa, kuimba 116, nambala yothandiza ana, n'kokwanira, kapena tipitenso kupolisi?