Galimoto za mawaya zija tinkapanga tili ana: zingakhale zogulitsa?

Wa ku Senga Bay:
Akuluakulu, ndikufuna ndizipanga galimoto za mawaya zogulitsa kwa alendo kunyanja kuno. Zanga zikumapindika, mateyala osazungulira bwino. Ndikulakwitsa pati?

Mmisiri wa ku Lifuwu:
Achimwene, vuto ndi kugwiritsa ntchito waya wamtundu umodzi. Pafunika mitundu iwiri: wokhuthala wa mpanda, wa mamilimita 2 kapena 3, wopangira thupi, ndi wopyapyala wa kopa womangira mfundo. Wongolani kaye wokhuthalayo pomukoka pamtengo. Pamfundo iliyonse zungulizani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mothinana, kenako finyani ndi pulayala. Mukazunguliza motalikirana, mfundo imasesereka, galimoto n'kupendekeka.

Za mateyala, musamangirire waya wake ku thupi. Ulowetseni m'kachubu ka bolopeni, ndipo mumange kachubuko. Mateyala dulani ku patapata wakutha, onse pa chizindikiro chimodzi cha chitsekerero cha botolo, bowo pakatikati penipeni.

Mayi a ku Chipoka:
Zoona. Koma chinyezi cha kunyanja chimadyetsa waya dzimbiri msanga. Pukutani ndi sandipepa, pakani vanishi kawiri, woyamba aume kaye.

Komanso musangoti galimoto basi. Yang'anani zapamsewu wathu: wakabaza atanyamula mayi ndi dengu la usipa, minibasi yodzaza matumba, bwato ndi nkhafi zake. Kansalu ka chitenje kokulungira anthuwo kamapatsa moyo.

Mmisiri wa ku Lifuwu:
Ndinaiwala: nsonga zonse za waya zipindireni mkati, zingabaye ana.